Njerwa Yosalawa Moto: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Maphunziro a Amisiri Omanga ku Balaka

Wotsogolera mwambo uno, Bwanamkubwa wa boma lino la Balaka pamodzi ndi akuluakulu a nthambi zonse za khonsolo, Wapampando wa khonsolo ndi makhansala anzanu, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo amene mwasiya ntchito zina n'kufika pano, mafumu athu aakulu, inu eni nthaka imene tikuikamba leroyi, limodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse, abusa, ansembe, masisitere ndi mashehe, oimira mabungwe a NCIC, TEVETA ndi Malawi Bureau of Standards, aphunzitsi a zomangamanga ochokera m'sukulu zathu za ukachenjede, mkulu wa apolisi ndi anyamata anu amene mwaima padzuwa chifikire, alangizi a zankhalango, a zaulimi ndi a zaumoyo, eni makwale ndi owotcha laimu a ku mapiri a Chenkumbi, makontirakitala, amisiri omanga, amene kumudzi timangoti mabilidala, atolankhani, a kwaya amene mwatitsitsimutsa, amayi amene mukutakasa miphika kuseriku, amene fungo la ndiwo zanu likundiuza kuti ndisatalikitse, anyamata ndi atsikana amene muyambe maphunzirowa, amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani. Ngati pali wina ndamudumpha, asaganize kuti ndi mwano. Mndandanda wa anthu aulemu m'boma lino ndi wautali kuposa pepala limene ndagwirali.

Mwandiitana kuti nditsegulire maphunziro a kaumbidwe ka njerwa za dothi losakaniza ndi laimu ndi fumbi la kwale. Ndikanatha kungoyamika amene akonza mwambowu, kudula riboni, n'kukhala pansi, ndipo a kwayawo akanandikonda. Koma makina amene aikidwa pansi pa mtengo apowo sadzapita patali ngati sitiyamba tagwetsa chikhulupiriro chimodzi chimene chinazika mizu m'mitu yathu, chakuti njerwa imalimba ndi moto. Funsani munthu aliyense pamsika wa Balaka kuti nyumba yabwino ndi yotani, akuyankhani osaphethira kuti ndi ya njerwa zowotcha, yofolera ndi malata. Mlandu umene ndabwera nawo ndi wakuti moto ndi njira imodzi chabe yolimbitsira dothi, ndipo kwa ife lero ndi njira yodula kuposa zonse. Chimene chimalimbitsa khoma ndi muyezo wa zosakaniza, kutsendera kokwanira ndi kudikira. Zitatuzi tikazitsata, dothi limene mwapondali likhoza kumanga sukulu ndi zipatala popanda kugwetsa mtengo wa m'phiri.

Njerwa yowotcha sitinaipeze kwa makolo athu akalekale. Iwo ankamanga ndi mitengo yophoma ndi dothi, ena ankadinda makoma. Inafala ndi amishoni ndi azungu a malonda, ndipo umboni wake waukulu ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott ndi amisiri a kuno kwathu anamanga pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumba ndi kuwotcha komweko. Nyumba imeneyo ikadalipo, ndipo palibe angatsutse kuti njerwa yowotcha bwino imakhalitsa. Koma nthawi imeneyo anthu anali ochepa, thengo linali lowirira, ndipo uvuni unali chinthu chokachionera. Pa kalembera wa 1966 Amalawi tinali pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali ana ndi achinyamata amene sanayambe n'komwe kumanga. Aliyense wa iwo adzafuna yakeyake nyumba, ndipo ndi ufulu wake kutero. Mnyamata wa lero sangapite kukafunsira mbeta ali ndi gowelo lodontha. Ndiye tiwerengere limodzi: anthu achuluka kanayi ndi kupitirira, nkhalango yachepa, koma kawotchedwe ka njerwa n'komwe kaja ka nthawi ya Scott.

Tiyeni tiuyang'anitsitse uvuni, poti ambirife timangouona patali ukufuka. Woumba amasanja njerwa zikwizikwi, kusiya makomo pansi, n'kumata kunja ndi matope. M'makomomo salowetsamo tinkhuni tosankha kudambo ayi. Amafuna zipika zikuluzikulu, makamaka zaziwisi, za mitengo yachilengedwe yonga tsanya ndi muwanga, chifukwa zimanyeka pang'onopang'ono usiku ndi usana. Kumene mitengo imeneyi inatha, nkhwangwa yatembenukira kwa mango amene agogo anadzala pabwalo. Moto ukazima, akaphwasula, mupeza mitundu itatu ya njerwa mu uvuni umodzi: zam'kati zopsereza, zakuda ndi zopindika, zapakati zabwino, zolira ngati belu mukazigogoda, ndi zakunja zimene zangofiira khungu, m'kati zili zidina ndithu. Zonsezi zimakwera ngolo imodzi pa mtengo umodzi, ndipo zina zimasweka potsitsa. Kampani ya 14Trees, imene inakhazikitsidwa mu 2016 kuti izigulitsa njerwa zosawotcha za Durabric, inatenga dzina lake pa chiwerengero chakuti kanyumba kamodzi wamba kamadya mitengo 14. Wina akhoza kukangana nacho chiwerengerocho, koma ngakhale mutachidula pakati, chulukitsani ndi nyumba zimene zikumera ku Area 25, ku Chileka ndi ku Luwinga, muone pamene mufike. Pambuyo pake pamatsala dzenje, mvula ikagwa lisanduka thamanda la udzudzu, ndipo a zaumoyo akhala apowa akudziwa kuti maenje oterowo amezapo ana.

Ndisanamizire njerwa milandu yonse. Makala, nkhuni zophikira, kuchiza fodya ndi kutsegula minda yatsopano zatha mitengo yambiri. Koma uvuni uli pagulu lomwelo, ndipo chiweruzo chake tikuchilandira tonse. Phiri la Ndirande linasanduka dazi. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje umene mzinda wa Lilongwe umamwa, boma linachita kutumizako asilikali. Dothi lokokoloka m'mapiri limathera mu Shire, kukatseka malo opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo maliro a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu sitinaiwale. Namondwe sabwera chifukwa cha uvuni, koma amapeza phiri lovula, ndipo madzi pa phiri lovula sayenda, amathamanga.

Apa boma liyenera kulandira ulemu wake. Mu 2018, kudzera ku NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Dziko lathu linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo chaka ndi chaka timatsegulira nyengo yodzala mitengo mu Disembala. Zonsezi n'zoyenera kuwombera m'manja. Ombani ndithu, Bwanamkubwa akumva. Koma lamulo limatseka khomo, silitsegula lina. Makontirakitala atamva za lamuloli, ambiri anathamangira ku mabuloko a simenti, ndipo lero paliponse m'mbali mwa msewu mupeza zikombole za mabuloko. Buloko wa simenti ndi wabwino, sindikumunyoza. Vuto lake ndi lakuti amadalira zinthu ziwiri zimene zikutivuta kale. Choyamba ndi simenti, imene ngakhale tili ndi mafakitale ku Kasungu, ku Blantyre ndi ku Njereza ku Mangochi, mtengo wake umayendabe ndi dola, poti mafuta, zipangizo za makina ndi simenti ina zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi nyumba yofika pawindo anadziwa tanthauzo lake. Chachiwiri ndi mchenga wa mumtsinje, umene malole akukokolola usana ndi usiku mpaka magombe akugumuka ndipo milatho ikutsala lende. Tikachotsa nkhwangwa m'phiri n'kuika fosholo mumtsinje, ndiye kuti tangosamutsa bala.

Tsono laimu amachita chiyani m'dothi? Mawu athu akale ndi njereza, ndipo ambiri timangomudziwa popaka makoma Khirisimasi ikayandikira, kapena popaka miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera alendo onga ine. Ntchito yake yeniyeni ndi yoposa pamenepo. Mwala wa laimu ukawotchedwa pa madigiri pafupifupi 900, umasanduka laimu wamoto, amene mukamuthira madzi amatentha, kufufuma n'kusanduka ufa woyera. Ufa umenewu ukakumana ndi dothi lamakande kapena katondo wonata, pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba chimaoneka tsiku lomwelo: dothi limene limakakamira ku khasu limayamba kuyoyoka ngati mgaiwa, limaleka kufufuma likanyowa ndi kung'aluka likauma. Chachiwiri chimachitika mwakachetechete kwa masabata ndi miyezi: laimu amasungunula zina za m'dongo, n'kupanga nazo zomatira za mtundu womwewo umene umalimbitsa simenti. Kunena kwina, dothi limadzipangira lokha simenti yake m'kati mwa njerwa. Izi si zatsopano. Aroma ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika a ku Pozzuoli, ndipo nyumba yawo ya Pantheon yaima zaka pafupifupi 1,900. Nyumba zakale za ku Zanzibar ndi pachilumba cha Mozambique zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yomatidwa ndi laimu. Akatswiri a misewu mpaka lero amathira laimu pa dothi lonata asanaike phula. Ndipo pali mwayi wina umene ndi wanu a Balaka: kutentha kumafulumizitsa kugwirana kwa laimu ndi dongo. Dzuwa limene mumadandaula nalo mu Okutobala lija ndi wantchito wosalipidwa.

Simenti imakonda dothi lamchenga, laimu amakonda dothi la dongo. Apa ndi pamene fumbi la kwale likulowera. Dongo lokhalokha ndi mnofu wopanda mafupa: likamauma limafota, njerwa n'kung'ambika. Pamafunika timiyala ndi tinjere tolimba toti tisenze katundu, dongo ndi laimu zikhale zomatira. Pa kwale iliyonse, kaya ku Njuli kaya kwina kulikonse kumene makina akuphwanya miyala ya msewu ndi ya konkire, pamatsala milu ya zinyenyeswa ndi fumbi. Amayi ophwanya miyala ndi hamala m'mbali mwa msewu nawonso amasiya zawo, chimodzimodzi osema miyala ya ziliza. Tinjere timeneti tili ndi ngodya zakuthwa, ndiye tikatsenderedwa timalumana, mosiyana ndi mchenga wa mumtsinje umene madzi anausalaza. Mwalawo unaswedwa kale, dizilo wake anapsa kale, ndipo ukangokhala pamulu mphepo imauuluzira m'mapapo a anthu oyandikana nawo, mvula n'kuukokera m'minda. Kuuika m'khoma ndiko kuupezera malo oyenera, komanso wilibala iliyonse ya fumbili ndi wilibala ya mchenga imene yatsala mumtsinje wa Rivirivi. Komatu pali malire. Mukachulutsa fumbi mpaka dongo kuchepa, laimu asowa chogwira, njerwa idzayoyoka m'manja. Nchifukwa chake ntchitoyi si yongoyerekeza ndi maso.

Ophunzira inu, zimene mukaphunzire zidzaoneka ngati masewera a ana, koma ndiye mutu wa nkhani. Mudzachotsa kaye dothi lakuda lapamwamba, lija la mizu ndi manyowa, chifukwa limasokoneza laimu, ndiponso ndi la chimanga, libwerere kumunda. Lapansilo mudzalithira m'botolo la madzi ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula, n'kulisiya: mchenga ukhala pansi msanga, tsiku lotsatira dongo lidzakhala pamwamba, ndipo mizere yake idzakuuzani kuti dothi lanu ndi lotani. Mudzamata dothi lonyowa m'kabokosi ka matabwa kotalika masentimita 60, kuliumika pamthunzi, n'kuyeza kuti lafota motani. Likafota kwambiri, likupempha fumbi la kwale ndi laimu. Kawirikawiri laimu amakhala magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwa dothi, koma nambala yeniyeni imachokera pa kuyeza dothi la pamalopo, osati pa zimene munamva kwa mlamu wanu. Mudzasefa, kusakaniza zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako kuwaza madzi pang'ono. Kuti mudziwe ngati madzi akwana, mufumbate dothi, muligwetse kuchokera pachifuwa: likamwazika ngati ufa lauma, likaphwatalala ngati chitumbuwa lanyowetsa, likasweka zidutswa zingapo ndiye lakhala bwino. Dothi la simenti limafuna kuumbidwa nthawi yomweyo, koma la laimu limakoma likagonera lofunditsidwa kuti dongo lifewe. Ndiye makina aja amalitsendera mpaka litsale longopitirira pang'ono theka la mmene linalowera. Makina a mtundu umenewu anayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950, kumene injiniya Raúl Ramírez anapanga CINVA-Ram, ndipo safuna magetsi kapena dizilo, amangofuna nsima.

Tsopano ndimve zotsutsa, poti ndikuona ena kumbuyoko akugwedeza mitu. Woyamba akuti: «Abwana, chimenechi ndi chidina chovala suti.» Nkhawayi ili ndi pogwira, chifukwa tonse tinaona nyumba za zidina zikusungunuka ngati shuga m'madzi osefukira. Koma chidina ndi matope oponyedwa m'chikombole, odzaza ndi timipata ta mpweya, opanda chomatira china kupatula dongo lenilenilo, ndipo dongo likamwa madzi limamasuka. Njerwa yotsenderayi timipata tinafinyidwa, ndipo chomatira chake sichisungunuka m'madzi. Mayeso ake ndi apafupi, safuna digiri: ikani chidina ndi njerwa ya laimu yokhwima bwino mu ndowa ya madzi madzulo, mukaone m'mawa. Chidina mukachipeza chili phala, inayo mukaitulutsa yathunthu. Ndipo dziko lino si loyamba kumene kuona njerwa zosawotcha. Pali midadada ya sukulu za pulayimale m'maboma osiyanasiyana imene inamangidwa ndi njerwa za dothi lotsendera zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ana akuphunziramo mpaka lero. Zambiri mwa izo zinalimbitsidwa ndi simenti. Chimene tikuwonjezera lero ndi kupatsa laimu ndi fumbi la kwale malo amene simenti ndi mchenga zinkatenga, makamaka kumene dothi ndi lonata.

Wachiwiri akuti mvula yathu ndi yaukali, khoma lidzadyeka. Yankho ndi lakuti nyumba ya dothi, ngakhale ya njerwa zowotcha, imafuna chipewa ndi nsapato. Nsapato ndi maziko a miyala kapena konkire okwera bwino pamwamba pa nthaka, ndi pepala la pulasitiki loletsa chinyezi kukwera. Chipewa ndi denga lotuluka kunja mokwanira, ndi khonde lotaya madzi kutali. Nyumba zambiri zimene zimagwa m'dzinja sizigwa chifukwa cha mtundu wa njerwa. Zimagwa chifukwa zinamangidwa ndi matope pa maziko osaya, m'njira ya madzi, denga lometedwa ngati tsitsi la msilikali pofuna kupulumutsa malata awiri. Tikumbukenso kuti tili m'chigwa cha zivomerezi. Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu Disembala 2009, ndipo makoma a njerwa zowotcha anang'ambika ngati ena onse. Chimene chimagwira nyumba pa chivomerezi ndi lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa mawindo ndi ngodya zolumikizidwa bwino. Palibe njerwa imene ingakhululukire mmisiri wodumpha zimenezi.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera, ndipo sindichizemba, makamaka pamaso pa owotcha laimu a ku Chenkumbi ndi anzawo a ku Lirangwe. Laimu naye amawotchedwa. Mauvuni akale a laimu amadya nkhuni mochititsa mantha, ndipo mapiri ozungulira malo amenewa akuchitira umboni. Mwalawo pawokha umatulutsanso mpweya woipa uja wotenthetsa dziko ukamapsa. Ndiye wina anganene kuti tangosuntha moto kuchoka pa uvuni wina kupita pa unzake. Koma taonani kusiyana kwa kukula kwa motowo. Pa njerwa yowotcha, khoma lonse, njerwa iliyonse kuyambira pansi mpaka pamwamba, liyenera kulowa m'moto. Pa njerwa ya laimu, chimene chalawa moto ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kucheperapo. Zotsalazo ndi dothi ndi fumbi zimene sizinaone lawi. Simenti nayo imafuna madigiri pafupifupi 1,450, pamene laimu amapsa pa 900, ndipo laimu wina akamauma m'khoma amayamwanso pang'ono mpweya umene anatulutsa. Chotsala ndi kukonza uvuni wa laimuwo. Nzeru yake si yachilendo m'boma lino: bungwe la ITDG, limene lero likutchedwa Practical Action, linagwirapo ntchito ndi owotcha laimu a ku Chenkumbi pa uvuni woimirira, umene moto wake suzima, mwala umalowa pamwamba laimu n'kumatuluka pansi, ndipo umadya nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi wakale. Uvuni woterowo ukhoza kuyendera mitengo yodzala yokha, kapena malasha a ku Rumphi. Palinso phulusa la mankhusu a mpunga ndi la zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, limene likapsa bwino limagwirana ndi laimu monga phulusa lija la Aroma. Koma ndinene poyera: ngati laimu wa njerwazi adzachokera ku mauvuni odya tsanya, ndiye kuti theka la zimene ndalankhula pano ndi mphepo.

Wachinayi akufunsa za ndalama ndi nthawi, ndipo ameneyu ndi mayi wosunga chikwama cha pakhomo, sanganamizidwe. Ndi zoona kuti njerwa imodzi yotsendera imadula kuposa imodzi ya pa uvuni, ndipo makina si a mtengo wa njinga. Koma munthu sagona m'njerwa, amagona m'nyumba, ndiye tiwerengere khoma lathunthu. Njerwa za pa uvuni n'zosiyana misinkhu, motero bilidala amabisa kupindika kwake ndi matope okhuthala ngati chala chachikulu kawiri, kenako pulasitala wochindikala mbali zonse. Simenti yambiri ya nyumba imathera pobisa zilema za njerwa. Njerwa yotsendera ndi yaikulu, yofanana ndi inzake, ndipo ya mtundu wolowana imafuna matope ochepa zedi. Kunja mukhoza kuisiya yosapaka, ikuoneka bwino. Ikaumbidwa pamalo omangapo, ndalama ya lole ndi ya zosweka panjira yatsala m'thumba. Makinawo sayenera kukhala a munthu mmodzi: gulu la achinyamata, banki m'khonde, mpingo kapena komiti ya chitukuko ya m'dera ikhoza kugula amodzi n'kumabwereketsa. Za nthawi ndiye ndivomere. Njerwa ya simenti imakhwima pa masiku 28. Ya laimu imafuna yoposa pamenepo, nthawi zambiri kuwirikiza, ili yofunditsidwa ndi pulasitiki kuti chinyezi chisathawe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kodi ife timamanga mothamanga chotani? Nyumba zathu zambiri zimatenga zaka zitatu, udzu kumera m'zipinda tikudikira ndalama za soya. Munthu amene angadikire zaka zitatu sangalephere miyezi iwiri. Umbani mu Juni mukatha kukolola, mumange mu Seputembala.

Pali anthu ena amene sanaitanidwe pa mipando ya kutsogolo kuno, koma nkhaniyi ikuwakhudza kuposa tonse: anyamata oponda matope ndi kuumba njerwa pa ganyu, ogulitsa zipika, ndi a ngolo. Uvuni ndi sukulu fizi ya ana awo. Tikangowalanda osawapatsa china, adzawotcha usiku, ndipo apolisi akhala apowa ali ndi ntchito zokwanira kale. Njerwa yotsendera imafuna manja ambiri: okumba, osefa, osakaniza, okoka chitsulo cha makina, onyamula ndi othirira. Munthu amene waumba njerwa zaka khumi amadziwa dothi ndi zala zake kuposa wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite. A TEVETA, anthu amenewa muwaike patsogolo pa mndandanda, ngakhale alibe satifiketi ya Fomu 4. Ndipo amayi musawasiyire kutunga madzi kokha. Kuyeza zosakaniza kumafuna munthu wosamala, ndipo amene amatha kugawa ndiwo zochepa kwa ana asanu ndi awiri popanda ndewu amadziwa muyezo.

Tsono mabilidala, tiyankhulane pang'ono, alendo atseke makutu. Njerwa imeneyi mdani wake wamkulu si mvula, ndi inu mukayamba kuchenjera. Mwauzidwa ndowa imodzi ya laimu, inu mwathira theka, theka linalo lapita kumsika madzulo. Mwauzidwa kufunditsa milungu isanu ndi itatu, inu mwayamba kumanga pa sabata yachiwiri poti bwana akufuna kuona khoma. Njerwa yoteroyo imaoneka bwino tsiku loperekera nyumba, chikomekome cha mkuyu, koma dzinja lachiwiri imayamba kusuluka, ndipo mudzi wonse udzati njerwa zosawotcha n'zachabe. Sadzatchula dzina lanu, adzatchula njerwa. Khoma limodzi logwa limafafaniza makoma zana oima. Chenjeraninso pogula: laimu wa kumunda, uja alangizi amati tithire pochepetsa asidi m'nthaka, ndi mwala wongogaya osawotcha, ndipo m'njerwa sagwira kanthu. Laimu womangira naye akakhalitsa m'thumba lotseguka amafa mphamvu. Ndipo laimu amawotcha khungu ndi maso, fumbi la kwale limawononga mapapo pang'onopang'ono mosabwezeka. Magolovesi, magalasi, zophimba pamphuno ndi kuwaza madzi pa mulu si zodzikongoletsera. Kontirakitala amene akuona kuti zimenezi n'zodula afunse mtengo wa bokosi.

Ife a m'maofesi tisadzione ngati oyera. Anthu amatsanzira chimene akuona, osati chimene amva pa msonkhano. Malinga ngati nyumba ya mphunzitsi wamkulu, ofesi ya mfumu ndi mpanda wa bwana zikumangidwa ndi njerwa za pa uvuni, wakumudzi adzati njerwa ya dothi ndi ya amphawi. Bwanamkubwa ndi makhansala, pa midadada ya sukulu, zimbudzi za m'misika ndi nyumba za azaumoyo zimene khonsolo imange ndi ndalama za chitukuko, ikanipo zingapo za njerwa zimenezi, pamalo oonekera, ndipo mulembe pakhoma chaka ndi muyezo umene munatsata kuti aliyense adzaweruze yekha. A Malawi Bureau of Standards, owotcha laimu ang'onoang'ono akufuna njira yapafupi yoyezetsera katundu wawo, kuti thumba lolembedwa kuti laimu womangira likhaledi laimu womangira. Aphunzitsi a ku MUBAS ndi sukulu zina, dothi la ku Utale si la ku Phalula. Tipatseni miyezo ya dera ndi dera, yolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, yowerengera ndowa ndi mawilibala osati makilogalamu okha. Eni makwale, fumbi lija mwayamba kuliona ngati ndalama, sitikukuletsani, koma magulu a achinyamata a m'midzi yozungulira kwale yanu, amene amapuma fumbilo ulere, muwaganizire pa mtengo. Mafumu, inu ndi amene mumadziwa uvuni uliwonse usanayatsidwe, chifukwa utsi subisika. Pogawa malo okumba dothi, nenanitu kuti dzenje lidzakwiriridwe kapena likhale la chimbudzi kapena thanki ya madzi.

Okonza mwambowu aika migolo iwiri ya madzi pafupi ndi makinawo, ndipo m'menemo mwagona njerwa kuyambira dzulo: chidina, yowotcha ya kunja kwa uvuni, ndi ya laimu ndi fumbi la kwale. Ndikupempha kuti tikachoka pano asatulutse ndi aphunzitsi kapena ine. Atulutse ndi agogo aja amagwedeza mutu kumbuyoko, aikande ndi msomali, aiponde, aigwetse pansi anthu akuona. Ndi mawu amenewa, Wotsogolera mwambo, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsegulidwa. Amayi a kuseri, mukhoza kuyamba kuomola.